Feteleza salekera m'munda: zimene amakachita pansi pa mitengo

Munda wa amalume anga uli m'munsi mwa phiri la Mulanje, chakufupi ndi Likhubula. Umathera pa mzere wa nandolo, kenako malo amatsetsereka, ndipo kumunsiko kwatsala kachigawo ka nkhalango komwe nkhwangwa sinafikebe: misuku, miombo ndi tchire lowirira. Chaka china mu Januwale tinathira Urea m'chimanga madzulo, mongomwaza pamwamba chifukwa kunkada, ndipo usiku womwewo kunagwa chimvula mpaka mbandakucha. M'mawa tinapeza madzi atadula mizere iwiri n'kutsetserekera pansi pa misuku. Amalume anaima nthawi yaitali manja ali m'chiuno. Kenako anati, "Mphwanga, ndalama ya thumba lija yapita kukabereketsa nkhalango."

Iwo ankalira ndalama, ndipo m'pomveka. Koma mawu awowo anandisiyira funso limene silinandichokebe m'mutu: feteleza akalowa m'nthaka ya m'nkhalango amakachita chiyani? Ambiri tingayankhe kuti mitengo imangokula bwino, basi. Pali choona pamenepo, koma mbali yaikulu ya nkhaniyi imachitikira pansi pa masamba ouma, pomwe maso athu safika, ndipo mwini nkhani ndi kaboni.

Kaboni timamudziwa tonse ngakhale dzinalo likumveka lakusukulu. Makala amene amatsika m'phiri pa njinga ndi kaboni wotsala mtengo ukapsa mopanda mpweya wokwanira. Mukaumitsa chikuni, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi kaboni. Mtengo sumutenga m'dothi ayi. Umamukoka mumlengalenga ali mu mpweya wa carbon dioxide, kudzera m'timabowo ta m'masamba, ndipo mothandizidwa ndi dzuwa ndi madzi umapanga shuga. Shuga ameneyu ndiye chuma cha mtengo. Wina umamangira thunthu, nthambi ndi masamba. Wina umawotcha wokha popuma. Wina, wochuluka kuposa mmene timaganizira, umamutumiza pansi kukakulitsa mizu, kukadontha m'dothi kudzera m'timizu ting'onoting'ono, ndi kukadyetsa bowa wokhala pa mizuyo. Ndiye kuti kaboni amalowa m'nthaka podzera zipata ziwiri: cha pamwamba, masamba ndi nthambi zikagwa, ndi cha pansi, kudzera m'mizu. Dothi la padziko lonse, kungoyeza mita imodzi kuchokera pamwamba, limasunga kaboni wochokera ku zamoyo wokwana matani pafupifupi 1,500 biliyoni. Ameneyu amaposa kaboni yense wa mumlengalenga, ndipo wa m'mitengo ndi zomera zonse za padziko amachepa kutali.

Mukadzalowa m'nkhalango nyengo ya mvula, mudzagwade pansi pa msuku n'kupalasa ndi dzanja. Pamwamba pali masamba athunthu, okhuthala, ogwa chaka chomwecho. Pansi pake pali ofewa, obookabooka, omatana ndi timaulusi toyera ngati ukonde wa kangaude. Mukapitirira mupeza zinyenyeswa zakuda zosadziwikanso ngati linali tsamba kapena khungwa, zonunkhira ngati mvula yoyamba, bongololo atadzipinda pambali, chiswe chikuthawa kuwala. Kenako dothi lakuda bii, limene limayamba kufiira mukakumba mpaka m'chigongono. Kuda kumeneko ndi kaboni. Ulendo wonse wochoka pa tsamba kufika pa dothi lakuda umayendetsedwa ndi zamoyo: chiswe, nyongolotsi ndi bongololo zimaduladula, nkhungu ndi mabakiteriya n'kumalizitsa. Zonsezi zimapuma ngati ife, ndipo zikamadya zimabweza mumlengalenga gawo lalikulu la kaboni uja. Mizu nayo imapuma. Nthaka ya m'nkhalango imatulutsa mpweya usana ndi usiku, moti asayansi amauyeza povindikira pansi ndi kabokosi n'kuona mmene mpweyawo ukuchulukira mkatimo.

Tingoti nthaka ndi nkhokwe. Mitengo imathiramo, tizilombo timatapamo, ndipo chotsala chimadalira kuti pakati pa wothira ndi wotapa akupambana ndani. Feteleza amakhudza onse awiri nthawi imodzi, koma sawakhudza mofanana. Apa ndiye pagona kuvuta kwa nkhaniyi.

Kwathu kuno palibe amene angasenze thumba la feteleza kukamwaza m'nkhalango yachilengedwe, mtengo wa thumba sungalole. Komabe feteleza amafikamo. Madzi amamukokolola, monga zinawachitikira amalume. Mphepo nayo imathandiza: Urea akasiyidwa pamwamba pa dothi lachinyezi kunja kukutentha, gawo lina la nayitirojeni wake limauluka ngati mpweya wa ammonia, fungo lija loboola m'mphuno la m'khola la nkhuku, n'kukatera pa masamba ndi dothi la pafupi. Utsi wa moto wolusa ndi wa galimoto umanyamulanso nayitirojeni amene amatsika ndi mvula. Ndiyeno pali nkhalango zochita kudzala: bulugamu amene maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje amasungira nkhuni zoumitsira tiyi, makademiya, ndi tiyi yemweyo. Tisaiwale kuti tiyi ndi mtengo. Timamuona wolekeza m'chiuno chifukwa amadulidwa, koma atasiyidwa amatalika kuposa nyumba. Munda wa tiyi ndi nkhalango yaifupi imene imalandira nayitirojeni chaka ndi chaka kwa zaka makumimakumi, pa dothi lomwe kale panali nkhalango yeniyeni.

Tiyambe ndi wothira m'nkhokwe, mtengo.

Miombo, misuku, bulugamu ndi paini zili ndi khalidwe limodzi: sizisaka zokha chakudya. Nsonga za mizu yake zimakutidwa ndi timaulusi ta bowa ngati phazi lovala sokosi, ndipo timaulusito timafalikira kutali m'dothi, kulowa m'timing'alu momwe muzu sungakwane, kukatolera fosiforasi, nayitirojeni ndi madzi n'kubweretsa ku mtengo. Mtengo umalipira ndi shuga, nthawi zina woposa gawo limodzi mwa magawo khumi a shuga yense amene wapanga. Ndi ganyu weniweni. Ndelema ndi manyame amene amayi amagulitsa m'mabeseni m'mphepete mwa msewu mvula ikakhazikika ndi zipatso chabe za timaulusi timeneti. N'chifukwa chake palibe amene anakololapo ndelema m'munda wa chimanga, ndipo miombo ikadulidwa bowa ameneyu amatha nayo limodzi. Utale ndi wina, iye ndi wapachulu, amalimidwa ndi chiswe.

Tsono feteleza akafika, mtengo umapeza chakudya chili pakhomo, chaulere. Waganyu uja ntchito yake imachepa, malipiro akenso amachepa. Mtengo umatumiza shuga wocheperapo ku mizu ndi ku bowa, wambiri n'kumangira thunthu ndi masamba. Kwa mwini bulugamu wofuna mapolo kapena nkhuni, zimenezi ndi zomwe akufuna. Koma pansi, chipata chachiwiri chija chimayamba kuchepa. Ku Netherlands, komwe mpweya wa ammonia wochokera m'makola ndi m'minda unachuluka kwambiri, akatswiri a bowa anaona m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mitundu yambiri ya bowa wa pa mizu ikusowa m'nkhalango, kuphatikizapo abale ake a manyame athuwa, ndipo nayitirojeni wotsika kuchokera mumlengalenga anali chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. Izi zili ndi kanthu pa nkhani ya kaboni, chifukwa kaboni wodzera m'mizu ndi m'timaulusi ta bowa amaikidwa kale mkati mwa dothi, pafupi ndi timibulu ta dongo tomwe tingamugwire, pamene wa tsamba amagwera pamwamba pomwe dzuwa, moto ndi madzi zimamupeza msanga.

Otapa m'nkhokwe ndiwo ali ndi nkhani yopotana. Tizilombo ta m'nthaka sitidya nsima yosema, timafuna ndi ndiwo zomwe. M'matupi mwake, pa magawo 8 kapena 10 a kaboni pamakhala gawo limodzi la nayitirojeni. Koma mapesi a chimanga ali ndi magawo pafupifupi 60 a kaboni pa gawo limodzi la nayitirojeni, ndipo utuchi wa matabwa umafika m'mazana. Mlimi aliyense amene anakwirirapo mapesi ambiri kapena utuchi m'mzere n'kuona chimanga chikumera chachikasu wazionera yekha zimenezi: tizilombo tinalanda nayitirojeni wa m'dothi kuti tipeze ndiwo zodyera mapesiwo. Pamalo oterowo mukawonjezera feteleza, kuola kumathamanga. Masamba ofewa, ogwa kumene, amatha msanga, ndipo mpweya wotuluka m'nthaka umakwera kwa kanthawi.

Koma chikuni, khungwa ndi tsamba lokalamba zili ndi chinthu cholimba chotchedwa lignin, chomwe chimapangitsa mtengo kuima chilili. Pali mitundu yochepa chabe ya nkhungu imene imatha kuchiphwanya, makamaka ija imasiya chipika chitayera n'kufewa ngati thonje. Nkhungu zimenezi zimatulutsa timadzi tapadera tosungunula lignin, ndipo ntchitoyi ndi yodula mphamvu. Chimodzi mwa zimene zimapindula poigwira n'kupeza nayitirojeni wobisika mkatimo. Nayitirojeni akachuluka m'dothi, timadzi tija timachepa. Ndani amakumba mpama ufa uli m'nyumba? Zotsatira zake n'zakuti zinyalala zolimba zimaola pang'onopang'ono, n'kumaunjikana.

Izi si zongoganizira. Ku Harvard Forest, m'chigawo cha Massachusetts ku America, anayamba mu 1988 kuthira nayitirojeni chaka chilichonse m'magawo a nkhalango, ena makilogalamu 50 pa hekitala, ena 150. Kuti muone kukula kwake, makilogalamu 150 ndi nayitirojeni wa m'matumba asanu ndi limodzi ndi theka a Urea, pamene ulangizi wakale wa chimanga kuno, wa matumba awiri a 23:21 ndi atatu a Urea, umapereka makilogalamu 92. Patapita zaka, nthaka yothiridwayo inkatulutsa mpweya wochepa, nkhungu ndi tizilombo zinachepa, ndipo kaboni wa m'dothi anachuluka. Ku Michigan, komwe kafukufuku wofanana anayamba mu 1994, anapezanso zinyalala zikuunjikana chifukwa kuola kwachedwa. Munthu wongowerenga manambala angaombe m'manja kuti feteleza akusunga kaboni. Koma ku Harvard komweko, m'gawo la paini lomwe linkalandira nayitirojeni wambiri, mitengo yambiri inafooka n'kufa.

Nkhalango zimenezo ndi za kumaiko ozizira, za dothi laling'ono msinkhu, lomwe linasiyidwa ndi madzi oundana zaka masauzande oposa khumi zapitazo. Dothi lathu la katondo ndi nkhalamba. Mvula yalitsuka kwa nthawi yosawerengeka, ndipo mbali zina za phiri la Mulanje imaposa mamilimita 2,000 pachaka. Chimene chatsala chochuluka ndi dzimbiri la chitsulo, lomwe limapatsa dothi kufiira, ndi aluminiyamu. Ziwirizi zimagwira fosiforasi ngati ulimbo, osamulola kufika ku mizu. Motero m'nkhalango zambiri zowirira za kumaiko otentha, njala yaikulu si ya nayitirojeni koma ya fosiforasi. Ku Costa Rica, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2006 anasonyeza kuti atathira fosiforasi m'nkhalango ya mvula yambiri, nthaka inayamba kutulutsa mpweya wa kaboni wochuluka: tizilombo tinali ndi chakudya chambiri, tinkangosowa fosiforasi, ndipo titamupeza tinatapa m'nkhokwe mwamphamvu. Ku Amazon, pafupi ndi mzinda wa Manaus, zotsatira za mu 2022 zinaonetsa kuti fosiforasi ndiye anachulukitsa masamba ndi timizu, osati nayitirojeni.

Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti mawu oti "feteleza" amabisa zinthu zosiyana. Wokulitsa, wokhala ndi fosiforasi, ndi wobereketsa, wa nayitirojeni yekha, akalowa pansi pa mtengo umodzi sachita zofanana. Ndipo phiri limodzi lomweli lili ndi nthaka za makhalidwe angapo. M'munsi, m'miombo momwe moto umadutsa pafupifupi chaka chilichonse, nayitirojeni amapita ndi utsi, ndipo ngakhale miombo ili m'banja limodzi ndi nyemba, yambiri sipanga timibulu ta pa mizu tokoka nayitirojeni mumlengalenga monga amachitira nandolo. Kumeneko njala ndi ya zonse ziwiri. M'zigwa zonyowa ngati cha Ruo, momwe mitengo sigwetsa masamba onse, nkhani imayandikira ya ku Costa Rica. Pamwamba, ku Chambe, ku Lichenya ndi ku Thuchila, komwe ndi kwawo kwa mkungudza wathu pa mamita pafupifupi 2,000, kumazizira, chiperoni chimakhalitsa, kuola kumachedwa kale mwachilengedwe, ndipo nayitirojeni wambiri amakhala atatsekeredwa m'zinyalala zosaola.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi asidi. Urea, CAN ndi sulphate of ammonia zonse zimasiya m'dothi mtundu wa nayitirojeni wotchedwa ammonium. Mabakiteriya ena amamusandutsa nitrate, ndipo posandutsapo amatulutsa asidi. Nitrate samamatira ku dothi. Mvula ikagwa amatsika ndi madzi, ndipo sapita yekha, amatenga kashiamu, magineziyamu ndi potaziyamu. Chaka ndi chaka dothi limanka liwawasa. Muyezo wa pH, umene umatsika dothi likamawawasa, ukafika pansi pa 5.5, aluminiyamu uja amayamba kusungunuka n'kumawotcha nsonga za mizu. Tiyi amapirira zimenezi, amakonda kale dothi la pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5 ndipo aluminiyamu amangomusunga m'masamba okalamba. Koma nyongolotsi, mabakiteriya ambiri ndi mitengo ina yachilengedwe sizipirira chimodzimodzi.

Ku Rothamsted, ku England, kuli dambo la udzu lomwe lakhala likuyesedwa kuyambira 1856. M'magawo omwe akhala akulandira sulphate of ammonia popanda laimu, dothi linawawasa mpaka nyongolotsi zinatha, ndipo pamwamba panayalana mphasa yokhuthala ya udzu wosaola. Ku Dinghushan, kumwera kwa China, m'nkhalango yakale ya dera lofunda, anayamba kuthira nayitirojeni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Kaboni wa m'nthaka anachuluka ndithu, koma dothi linawawasa ndipo mitundu ya zomera za pansi pa mitengo inachepa. Ine ndimaziona chonchi: nkhokwe ikhoza kukhala yodzaza chifukwa chakuti mwakolola zambiri, ikhozanso kukhala yodzaza chifukwa chakuti a m'nyumbamo akudwala, sakudya. Woyang'ana nkhokwe yokha sangasiyanitse. Kaboni wochuluka chifukwa chakuti zamoyo za m'nthaka zafooka sindingamutche phindu ndi mtima wonse.

Komanso kaboni wa m'nthaka si wa mtundu umodzi. Pali wongogona, tizidutswa ta masamba ndi mizu tomwe sitinamatire kalikonse. Ameneyu moto umodzi wa mu Okutobala, kapena khasu, kapena madzi osefukira, zimamuchotsa tsiku limodzi. Ndiye pali womatirira ku dongo ndi ku dzimbiri lija la chitsulo, amene angakhale zaka mazana ambiri osasunthika. Chodabwitsa chimene sayansi yatsimikiza m'zaka zaposachedwapa n'chakuti gawo lalikulu la kaboni wokhalitsayu si masamba osaola, koma ndi mitembo ya tizilombo tomwe tija. Timadya, timaswana, timafa, zotsalira zake n'kumatirira ku dongo. Ndiye kuti wotapa m'nkhokwe ndi yemwenso amaumba mbiya zosungiramo mbewu ya zaka zam'tsogolo. Feteleza wochepa, wongokwanira kuti mitengo ikule ndi tizilombo tiswane, angathandize kuumba mbiya zimenezi. Wochuluka mpaka kuwawasitsa dothi amafooketsa woumbayo.

Palinso kaboni woyenda ndi madzi. Amene anakwerapo phiri anaonapo timadziwe tina ta madzi oyera bwino koma ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Mtundu umenewo ndi kaboni wosungunuka kuchokera m'zinyalala. Akamatsika m'dothi lofiira, dzimbiri la chitsulo limamugwira n'kumusunga pansi. Fosiforasi amafuna malo omwewo omatirapo, choncho akachuluka amatha kulimbirana naye malo, wina n'kupitirira kukagwera mumtsinje.

Tsopano tiwerengere thumba lomwe lija la amalume. Thumba la Urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni ndi makilogalamu 10 a kaboni. Kaboni ameneyu sakhala m'dothi. Urea akangosungunuka amatuluka m'masiku ochepa ngati mpweya wolemera makilogalamu pafupifupi 37. Nayitirojeni wakeyo anachokera mumlengalenga, momwe ali magawo 78 pa 100 alionse, kudzera mu njira imene Fritz Haber anatulukira mu 1909 ndipo Carl Bosch anaifikitsa m'fakitale mu 1913. Njirayi imafuna kutentha ndi mphamvu zambiri, ndipo mafakitale ake amawotcha gasi kapena malasha. Kenako m'dothi lonyowa, losowa mpweya, mabakiteriya amasandutsa kagawo ka nayitirojeni kukhala nitrous oxide, mpweya umene pa zaka 100 umatenthetsa dziko kuwirikiza nthawi 273 poyerekeza ndi carbon dioxide wolemera chimodzimodzi. Bungwe la IPCC, la asayansi oona za kusintha kwa nyengo pansi pa United Nations, limawerengera kuti pafupifupi gawo limodzi pa 100 la nayitirojeni wothiridwa limathawa motero. Pa thumba limodzi, kagawo kameneka kakufanana ndi makilogalamu pafupifupi 100 a carbon dioxide. Nayitirojeni wogwera pamalo pomwe mitengo sikumusowa ndiye amathawa kwambiri mwanjira imeneyi. Choncho wina akadzabwera ndi nkhani yakuti tithire feteleza m'mitengo kuti tigulitse kaboni wambiri, kutanthauza kulipidwa chifukwa cha kaboni amene mitengo ndi dothi zasunga, tidzamufunse ngati wachotsera zonsezi, ngati wayeza dothi mozama osati pamwamba pokha, ndiponso kwa zaka zingati.

Pano wina angaganize kuti ndikudana ndi feteleza. Ayi ndithu. Ndakulira pa nsima ya feteleza, ndipo ndikudziwa nkhope ya munthu amene dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa zipangizo zotsika mtengo. Alimi ang'onoang'ono a kuno amathira wochepa kwambiri poyerekeza ndi a ku China kapena ku Ulaya. Mu 2006 atsogoleri a mu Africa anachita kugwirizana ku Abuja kuti afikitse makilogalamu 50 pa hekitala, chifukwa maiko ambiri anali kutali ndi pamenepo. Ndipo ku Thyolo ndi Mulanje, komwe anthu ndi ochuluka, minda ndi timagawo, malo aakulu ali m'manja mwa maesiteti, munda ukaleka kubereka munthu amayang'ana kuphiri. Amene akukumbukira phiri la Thyolo lili ndi nkhalango yake yowirira akudziwa mmene linasandukira minda m'zaka zowerengeka. Nkhalango ikadulidwa n'kulimidwa, chipata cha pamwamba ndi cha pansi zonse zimatsekeka, khasu limatsegula dothi, dzuwa limalitenthetsa, ndipo kaboni amene anasonkhanitsidwa kwa zaka mazana amatsika mofulumira m'zaka zoyambirira. Pa malo otsetsereka dothi lakudalo limachita kunyamuka lonse, monga tinaonera mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atadutsa, mitsinje itasanduka phala lofiira. Poyerekeza ndi zimenezi, zimene Urea wokokoloka amachita pansi pa misuku ndi zazing'ono. Thumba la feteleza limene lapangitsa theka la ekala kudyetsa banja chaka chonse likhoza kukhala lomwe lapulumutsa mitengo ya kumtunda.

Chimene feteleza sangathe ndi kulowa m'malo mwa zinyalala. Ku Rothamsted komweko kuli munda wa tirigu wotchedwa Broadbalk umene wakhala ukulimidwa kuyambira 1843. Magawo a feteleza ndi a manyowa a m'khola onse amakolola bwino, koma m'gawo la manyowa kaboni wa m'nthaka anawirikiza kuposa kawiri, pamene m'gawo la feteleza yekha anangokwera pang'ono. Feteleza amabweretsa ndiwo, nsima imachokera ku masamba, mizu ndi ndowe. Maesiteti a tiyi amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake zodulidwa za tiyi amafuna zitsale m'munda momwemo kuti ziolere pansi. Ku Makoka, ku Zomba, akatswiri akhala akudzala mitengo ya gliricidia pakati pa chimanga kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo anapeza kuti dothi lake limasunga kaboni wochuluka kuposa la chimanga chokha, komanso feteleza wochepa amagwira ntchito bwino akakumana ndi masamba amenewo. Agogo athu sankadula msangu m'munda pa chifukwa chomwechi, ndipo nandolo amene aliyense kuno amadzala amagwetsa masamba ofewa, a nayitirojeni wambiri, omwe tizilombo timadya popanda kulanda chakudya cha chimanga.

Pali chizolowezi china chimene chimandipweteka ndikachiona: kusesa pansi pa mitengo. M'timinda ta bulugamu ta m'midzi anthu amatola tsamba lililonse, khungwa lililonse, kukakolezera moto kapena kuwotchera njerwa, pansi n'kutsala mbee ngati bwalo la sukulu. Sindiwaimba mlandu, nkhuni zavuta. Koma mtengo wosesedwa pansi chaka ndi chaka, kenako n'kupatsidwa kafeteleza kuti ukule msanga, ukutapidwa mbali zonse: pamwamba palibe chogwera, pansi mtengo wachepetsa zotumiza, ndipo dothi likunka liwawasa. Bulugamu wachiwiri ndi wachitatu wophukira pa zitsa zomwezo amaonda, mwini wake n'kumati mtengo uwu umaononga nthaka, pamene mbali ina ya mlanduwo ndi ya tsache.

Amalume sanamve za Harvard kapena Dinghushan, ndipo sindinawavutitse nazo. Ndinangowauza za fungo la m'khola la nkhuku, kuti ndi ndalama yawo ikuuluka, ndi kuti bowa wa kumunsi kuja amadya kwa misuku. Za bowazo anandidula pakamwa: "Zimenezo amayi anu akulu ankazidziwa kale, ankati ukadula msuku wadula ndiwo." Chaka chotsatira tinaboola timaenje m'mbali mwa phando lililonse, kuthira Urea ndi kachitsekerero ka botolo, n'kukwirira ndi chidendene. Thumba tinaligawa pawiri, theka lina tinadikira milungu itatu. M'malire mwa nandolo tinadzala mizere iwiri ya vetiva, ndipo pakati pa vetivayo ndi msuku woyamba amalume anasiya mapazi khumi osalima. Mu Febuluwale, mvula itagwa masiku anayi otsatizana, ndinapita kukaona. Dothi lofiira linali litaunjikana kumtunda kwa vetiva, lofika m'kakolo, ndipo kumunsi kwake masamba a misuku anali pomwe anagwera.